Khobidi la chaka changa

Linali Lachitatu pa 10 Malichi 1971, cha m'ma 2 koloko masana, pamene ndinafika kunyumba ndi funso la aphunzitsi. Ankalemba maina a olemba mayeso a Sitandade 8, ndipo aliyense anayenera kubwera m'mawa ndi chaka chake chobadwa. Ine sindinkachidziwa.

Amama sankadziwa kuwerenga. Anangolowa m'nyumba n'kutsomola kansanza kudenga. Munali khobidi loboola pakati, la ndalama zakale zija.

"Adada ako analitenga latsopano kusitolo sabata yomwe unabadwa," anatero. "Ankati chaka chili pomwepo. Mbwenu uwerenge wekha, si ndiwe wa sukulu?"

Adadawo anapita ku Halale ndisanayambe kukwawa. Kalata zinabwera ziwiri, kenako zii. Khobidilo ndinalivala m'chiuno ndili khanda, ndipo chingwe chitaduka linakhala zaka kudenga likumwa utsi ndi mvula yodontha. Linali bii, m'mbali muli zobiriwira ngati ndere. Sindinaonepo nambala.

Ndinkadziyesa wochenjera. Ndinapita kuseri kwa khola pomwe panali mwala wonolera nkhwangwa, ndinathirapo mchenga ndi madzi a ndimu, n'kuyamba kukwecha. Fungo la mkuwa linandikanirira m'zala. Kufiira kutayamba kuoneka ndinakondwa, ndinakwechanso mwamphamvu, mbali zonse ziwiri. Nditatsuka, linali kuwala ngati latsopano, koma losalala ngati batani.

Ndinathamanga mpaka kumsika wa pa boma, kwa a Yusufu, mkulu wina wokonza mawotchi. Anavala kagalasi kawo kudiso, napendeketsa khobidilo kudzuwa.

"Walinola ngati mpeni iwe," anatero. "Ili ndi la nthawi ya Chitaganya, taona mnyanga wa njovu apa. Nayi 1, nayi 9. Zinazo wazisiya pamwala."

"Sizingabwerere?"

"Zichokera kuti? Ukadaliviika m'madzi a sopo masiku atatu, n'kumatokosa ndi kamtengo kofewa. Likakana, kadontho ka mafuta. Kenako pepala pamwamba, pensulo pang'onopang'ono, nambala zimatuluka zokha. Kuda kuja ndiye kunkazisunga."

Anayesabe ndi pepala ndi pensulo. Panatuluka bwalo lakuda ndi kabowo koyera pakati. Anandiuza kuti makhobidi otere anapangidwa zaka zingapo, ndipo panalibenso njira yodziwira langa.

Amama sanandimenye. Analitembenuza m'dzanja mwawo kawiri.

"Lawala chomene," anatero. "Nanga walipeza chaka?"

Ndinapukusa mutu. Analikulunganso m'kansanza kaja, koma sanalibwezere kudenga. Analisiya pamphasa ngati chinthu cha mwini wina, napita kukatunga madzi ngakhale mtsuko unali wodzaza.

Lero ndikudziwa kuti si nambala yokha yomwe ndinafafaniza. Adada sanatisiyire chithunzi, ngakhale manda oti tikasese. Chinthu chimodzi chomwe anachita pondiganizira ine chinadikira zaka zonsezo kudenga, ndipo ndinachimaliza m'mphindi zosakwana khumi. Anthu amati ndine munthu wochedwa kugwira zinthu. Sadziwa kuti ndinafulumirapo kamodzi.

M'mawa mwake ndinaima pamzere kutsogolo kwa tebulo la aphunzitsi. Mnyamata amene anali patsogolo panga, wamsinkhu ngati wanga, anati 1957. Nthawi yanga itakwana, ndinanena chomwecho. Ndicho chili pa mapepala anga onse mpaka lero, chaka cha mwana wa eni.