Mavalavu a Mutu Woyera

Ababa anasiya kumva pang'onopang'ono. Zaka zonse zimene anagwira ntchito pa fakitale yoluka nsalu, makina ankawalirira m'makutu tsiku lonse, ndipo anapuma ntchito makutuwo atatha. Wailesi ankaikweza mpaka oyandikana nafe nyumba ku Zingwangwa ankamva nkhani zonse osagula mabatire, koma eni wailesiwo ankangomva phokoso.

Chinandipweteka ndi cha mnzawo wa ku Bangwe, amene anachoka naye limodzi ku Mozambiki ali anyamata. Uthenga wa maliro ake unalengezedwa pa wailesi kawiri, ababa ali pomwepo, khutu lili pa sipika. Anadziwa patapita sabata, mnzawoyo ataikidwa kale, ndipo tsiku limenelo sanadye. Ine ndinalumbira kuti zimenezi sizidzachitikanso ine ndili moyo.

Apa n'kuti zipani zambiri zitangoyamba kumene, ine ndikugwira ntchito yoika mawaya a magetsi m'nyumba za anthu. Za mawailesi ndinkazidziwa mwa apo ndi apo, koma ndine munthu wouma mutu, sindikonda kufunsa. Ndinayesa kaye kulumikiza mahedifoni ku wailesi yathu, ababa n'kunena kuti zikungowalirira ngati nyenje. Kenako m'buku lakale lopanda chikuto ndinapeza chojambula cha ampulifaya, kachipangizo kokweza mawu, yogwiritsa mavalavu awiri, timababu tagalasi tija tinkakhala m'mawailesi akalekale. Bukulo linkati mawu ake amatuluka amphamvu koma ofewa. Ndinati basi, ndi imeneyi.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Ndirande, kumene munthu ukafuna chinthu chimene dziko lonse linataya, umachipeza. Mkulu wina anali ndi mulu wa mawailesi akufa kuseri kwa benchi yake, ndipo mavalavu anawathira m'beseni ngati tomato. Ndinakhala chonjuta n'kuyamba kusankha. Ambiri anali ndi banga lakuda lonyezimira kumutu. Aliyense wogwira za magetsi amadziwa kuti babu likada ndiye kuti lapsa, choncho onsewo ndinawakankhira pambali monyadira. Ndinatenga atatu a mutu woyera kuti mbee. Wogulitsayo anandiyang'ana, n'kundikulungira m'nyuzipepala.

Ndinamanga zonse m'chitini cha mabisiketi, pa tebulo la amayi, masana a Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Nditayatsa, zii. Ndinanamizira thiransifoma, ndinasintha. Ndinanamizira mawaya, ndinawotcherera onse kachiwiri. Zii yemweyo. Sabata yachitatu amayi anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Kodi a injiniya, tebulo langali lidzabwerera chaka chino?"

Ababa nawo anakuwa, poti kuyankhula motsitsa anali ataiwala: "Zisiye, mwanawe! Makutu anapita awa!"

Mawu amenewo ndi amene anandikwiyitsa koposa. Ndinameza manyazi, n'kunyamula chitini changa kupita ku Chilomoni, kwa madala ena amene ankakonza mawailesi kuyambira nthawi ya azungu. Anatsegula chitinicho, anazula valavu imodzi, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Anakusankhirani ndani zimenezi, achimwene?"

"Ndinasankha ndekha, madala. Zakuda zonse zinali zopsa."

"Zopsa! Banga lakudalo ndiye chizindikiro choti valavu ili moyo. Amaliika dala ku fakitale. Galasi likangong'aluka, mpweya n'kulowa, banga lija limayera. Inuyo mwasankha mitembo itatu, yamoyo mwaisiya m'beseni."

Ndinachita manyazi mpaka thukuta, koma sindinachoke. Ndinawauza za ababa, ndipo kuseka kuja kunatha. Anakoka mpando nandiuza kuti ndikhale. Thiransifoma yakale, anati, ndiinunkhize kaye. Ikamveka fungo lopserera ndiisiye, ikapanda ndi yabwino kuposa zatsopano. Marezisita akale, tizipangizo ta mizere yamitundumitundu tija, ndiziwayeza limodzilimodzi pa mita yoyezera magetsi, osakhulupirira mitundu yake, chifukwa utoto umasuluka. Koma atafika pa makapasita osunga magetsi, amene ine ndinawazula m'mawailesi akufa aja, anawataya pansi.

"Awa okha mugule atsopano, musaumire. M'chitinimu mukuyenda magetsi oti n'kupha munthu, ndiye inu mukukaika waya pamutu pa bambo anu."

Masabata atatu onse ndinkangoganiza zoti chilire, osaganiza zoti chikhoza kuwavulaza.

Ndinabwereranso ku Ndirande. Wogulitsa uja atandiona ndikutola a mutu wakuda, anati, "Mwabwerera zopsa zija, bwana?" Ndinangoti eya. Makapasita ndinakawagula m'tauni, ndipo ndinawafuna m'masitolo anayi ndisanapeze a mlingo umene madala aja anandilembera. Nditamaliza kumanga, ndinavala ndekha mahedifoniwo masiku awiri, ndikugwira paliponse ndi mita, kuti ngati pali chogwira munthu chiyambe ndi ine.

Linali Loweruka masana pamene ndinawaitana ababa. Mavalavu awiri aja anafiira pang'onopang'ono m'kati mwa galasi. Ndinawaveka mahedifoni, n'kumakweza pang'onopang'ono, maso anga ali pankhope pawo. Kwa kanthawi sanasinthe. Kenako anakweza dzanja kuti ndisiyire pomwepo.

"Ndi mkazi amene akuwerenga nkhaniyu?" anafunsa.

Ndinagwedeza mutu. Anamvetsera mpaka nkhani zinatha, anamvetseranso nyimbo imodzi yonse, chala chikugunda pabondo. Ine ndinaima kumbuyo kwawo chifukwa misozi inali italengeza, ndipo sindinafune kuti aione. Amayi anabwera kuchokera panja atanyamula zovala, nayamba kunena zakuti tebulo lawo tsopano lipume. Ababa ankayang'ana milomo ya amayi ikuyenda. Anavula mahedifoni, n'kuwagwira m'manja, kenako anandiyang'ana ine.

"Nanga mawu a amayi akowa," anatero, "angalowe m'menemu?"

Ine ndinati angalowe, ngakhale sindinkadziwa kuti alowa bwanji. Ndinavala nsapato zanga n'kupita kukafuna maikolofoni msika usanatseke.