Mawilibala a Utsi

Kufakitale ya matailosi kunamveka mphekesera yakuti mtsikana wamasamu amene mabwana anamuitana ndi mwana wa Utsi wa kunja kwa banja, ndipo wabwera kudzapulumutsa uvuni wa bambo ake. Ine mlonda wa pageti ndinakhulupirira theka. Makutu awo anali amodzimodzi, otambalala ngati zogwirira poto.

Utsi ameneyu anasonkhezera uvuni wa nkhuni zaka makumi atatu. Nsidze zinapsa kalekale, chifuwa chinkalira ngati chitseko chadzimbiri, mkazi anathawa ati bulangete likununkha makala. Mabwana ankafuna kuugwetsa uvuniwo kuti aike wamagetsi, koma anati aone kaye masamu.

Ntchito ya mtsikanayo inali yodabwitsa. Ankalondola tailosi kuyambira pokumba dothi, powotcha, padenga, mpaka kudzala, n'kumawerengera utsi umene latulutsa. Akatero ankayerekeza tsogolo la mitundu itatu: magetsi akadzakhala a dzuwa, akadzakhala a malasha, kapena madamu akadzauma tizidalira majenereta. Ine tsogolo limodzi lomweli likundikanika.

"Bambo, kuwotcha kamodzi mumathira mawilibala angati a nkhuni?" mtsikanayo anamufunsa Utsi.

Atangomva kuti "bambo", Utsi anatukumula chifuwa chija. Mawilibalawo amadutsa pageti panga, ndi makumi anayi. Koma iye ankaganiza kuti wotentha nkhuni zambiri ndiye wolimbikira ntchito.

"Makumi asanu ndi awiri, mwanangu! Lemba. Enawa amangogona."

"Zoona zimenezi?"

"Funsa mlondayo."

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Ndinkafuna ndione kumene zikathere. Mtsikana analemba, Utsi n'kusainira.

Tsiku la msonkhano m'kantini, Utsi anavala jekete la paukwati wake uja n'kukhala mpando wakutsogolo. Mtsikana anaonetsa mizere pakhoma. Tsogolo la dzuwa, uvuni wa nkhuni wagwa. La malasha, wagwa. La majenereta, wagwanso, koma pang'ono chabe.

"Zikanakhala kuti nkhuni sizipitirira mawilibala makumi asanu," anatero, "pa tsogolo la malasha ndi la majenereta uvuniwu ukanapambana, bwenzi ndikunena kuti tiusunge."

Utsi anadzambatuka. "Mwanangu, ndi makumi anayi! Ndinangowonjezera!"

"Madala, khalani pansi," anatero bwana. "Munasainira nokha, mboni ilipo. Lero mwaona zavuta ndiye nkhuni zachepa?"

Anthu anaseka mpaka kumenya matebulo. Utsi anandiyang'ana. Ine ndinali kalikiliki kumanga chingwe cha nsapato.

Uvuni anaugwetsa Lolemba. Ntchito yomaliza imene anam'patsa Utsi inali yotuta zigumukire zake kukataya kuseri kwa mpanda. Ndinamuwerengera bwinobwino.

"Achimwene, lero ndiye mwakwanitsadi makumi asanu ndi awiri," ndinamuuza. Anasiya wilibala n'kutuluka, jekete paphewa.

Mtsikana akunyamuka ndinam'tsegulira geti. "Nanga bambo anu aja mukuwasiya bwanji?"

"Bambo anga ati, bambo?"

"Owotcha aja."

"Aa, amene aja? Kodi dzina lawo ndani?"

Sanali mwana wake. Mwamuna aliyense waimvi ankamuitana kuti bambo.