Tsiku Limene Glenys Anakweza Mtengo wa Mwana Wake

Ndiyambe ndi kupepesa. Sindinalembepo nkhani yoti anthu ena awerenge. Zaka zonse zimene ndinali mphunzitsi ndinkangochonga zolemba za ana a eni, ndipo tsopano ndazindikira kuti cholembera chofiira n'chopepuka kuposa chakuda. Za mpira wa kunowu, umene amaugwira ndi manja n'kuumenya ndi mwendo, sindizidziwanso kwenikweni, choncho pamene ndaphonya odziwa andikhululukire. Mwini nkhaniyi, Glenys Trenowden, ndamuwerengera yonse, ndipo anangondiuza kuti ndichotsemo zaka zake zakubadwa. Ndachotsa.

Glenys amakhala nyumba yoyandikana ndi yanga kuno ku Adelaide, chakudoko. Kwa nthawi yaitali ankagwira ntchito m'kantini ya pasukulu pathu, kuphika mapayi a nyama ndi kukalipira ana olowerera pamzere. Mwamuna wake anamwalira mwana wawo yekhayo, Heath, akadali wamng'ono. Anamulera yekha, kumuchapira malaya amatope, kumuperekeza kubwalo la mpira m'mawa kukuzizira, ndi kumuthandiza kunyoza oyimbira mpira.

Heath atakula analowa m'gulu la anyamata amene matimu akuluakulu amasankhamo chaka ndi chaka, timu iliyonse kudikira nambala yake. Mnyamata sasankha kopita. Dzina lake linatchulidwa ndi timu ina ya ku Melbourne, ndipo posakhalitsa anakwera ndege. Glenys analira mpaka maso kutupa. Misozi itauma, anasuzumira m'chipinda chopanda munthu chija n'kuona kuti chili ndi zenera labwino. Analowetsamo makina osokera. Kenaka analowetsamo Duchess, galu wa miyendo yaitali amene anapuma pa mipikisano yothamanga, ndipo galuyo anatenga bedi la Heath ngati cholowa chake. Lachisanu lililonse Glenys anayamba kupita kovina ku holo ya asilikali akale, ndipo kumeneko anatolako Mervyn, dalaivala wa basi wopuma pantchito, wadazi koma wopepuka miyendo.

Zonsezi Heath sankazidziwa. Akabwera pa Khirisimasi, galu ankasamukira kwa ine, ndipo Mervyn ankasanduka "bambo aja okonza mipope". Lamlungu lililonse Heath akaimba foni, Glenys ankayamba wausa moyo, kenaka n'kunena ndi mawu ofooka, "Ndili bwino, mwanawe, usadandaule za ine. Kungoti nyumbayi yandikulira." Iye ankakhulupirira kuti mayi weniweni amayenera kumveka choncho, ndipo kumveka wosangalala mwana ali kutali n'chipongwe.

Mu Okutobala, mpira ukatha, kumabwera masiku osinthana osewera, pamene anthu anzeru zawo amasiya ntchito n'kumamatira pawailesi. Wosewera sagulidwa ndi ndalama. Amagulidwa ndi nambala zosankhira anyamata atsopano zija, ndipo nambala yaing'ono ndiyo yamtengo wapatali, chifukwa mwini wake amasankha anzake asanatole abwino onse. Chaka chatha Heath analengeza kuti akufuna kubwerera kwawo. Mgwirizano wake unali usanathe, choncho a ku Melbourne anali ndi ufulu wokana. Iwo anati, tipatseni nambala 8. Timu ya kuno imene inkamufuna inati, tili ndi 27, tengani kapena siyani.

Apa m'pamene Stavros Liakos, womulankhulira Heath pa zokambirana zotere, anatulukira pakhomo pa Glenys, mafoni awiri ali m'manja.

"Mayi, ndawauza a ku Melbourne kuti mukudwaladwala ndipo mumakhala nokhanokha," anatero Stavros. "Palibe timu imene imafuna kutchedwa youma mtima pawailesi. Akakhulupirira, alandira 27, mwana abwera."

"Ndikudwala chiyani?" anafunsa Glenys.

"Sindinatchule. Sankhani nokha, bola asakhale matenda ofuna umboni wa dokotala."

"Iwe Stavros, amayi ako akudziwa kuti ntchito yako ndi imeneyi?"

"Amaganiza kuti ndine loya. Tamverani, mayi. Noel Quilty, mkulu wawo wosinthanitsa osewera, akubwera Lolemba kudzakumana ndi a kuno, ndipo wapempha kuti adzakuzondeni. Inu mungokhala pampando, muzitsokomola. Zolankhula mundisiyire."

Glenys akanatha kumuthamangitsa. Koma tsiku lomwelo Heath anaimba, lisali Lamlungu n'komwe, nati, "Amayi, chonde chitani zimene Stavros wanena. Ndikufuna ndikhale pafupi nanu." Mwana akapempha chotero, mayi anganene chiyani? Sakananena kuti pabedi pali galu. Ndiponso, pansi pa mtima, ankafunadi kumuona akusewera pabwalo la kwawo, iye atakhala pafupi ndi mpanda pamene woyimbira angamumve bwino.

Tinakonzekera. Ndinamubwereka ndodo ya malemu amayi anga ndi bulangete lotuwa. Nsapato zovinira tinazibisa m'makina ochapira, Duchess tinamutsekera kuseri kwa nyumba yanga. Mervyn, asanathamangitsidwe, anakhala woweruza wa chifuwa.

"Tsokomola ngati munthu, Glen, osati ngati basi yokana kulira," anatero.

"Iweyo ukadzadwala ndidzakuseka chimodzimodzi. Choka, upite kwanu, usaoneke mpaka ndikuitane."

Ine ndinapatsidwa udindo wa mnansi wachifundo wobwera ndi tiyi. Chimene chinamupweteka kwambiri Glenys n'chakuti wodwala saphika, ndiye mlendo anayenera kulandiridwa ndi mabisiketi a m'sitolo.

Quilty anafika masana, Stavros ali pambuyo pake. Anali bambo wachikulire, woyenda pang'onopang'ono, zala zake zokhotakhota chifukwa nayenso anasewerapo pa unyamata wake. Anavula chipewa, napereka moni mwaulemu. Glenys anali atamira m'bulangete mpaka m'khosi. Anatsokomola bwino ndithu, ndiyenera kumuyamikira. Anausa moyo kawiri, n'kunena za nyumba imene yamukulira. Stavros ankagwedeza mutu ngati m'busa pamaliro.

Quilty anamwa tiyi, nayang'ana zithunzi za Heath pakhoma kwa kanthawi. Kenaka anaika kapu pansi.

"Mayi, ndadzionera ndekha," anatero mofatsa. "Sitingamukanize mwana kubwera kwa mayi wake. Ndipo kunena zoona, 27 si yoipa kwa ife. Heath ndi mnyamata wabwino, waulemu, safika mochedwa. Koma inu ndi ine tikudziwa kuti mwendo wake wamanzere ndi wongoyendera. Mpira ukakhala m'mwamba amadikira kuti utsike wokha. Anzanga ena amati ngakhale 35 tikanalandira."

Bulangete linatsika pang'ono.

"Mwati chiyani za mwendo wamanzere?"

"Mayi, nthawi ya mankhwala anu yakwana," anatero Stavros mwachangu.

"Khala chete iwe, akuluakulu akulankhula. Bambo Quilty, mwendo umenewo ndinauphunzitsa ndine, kuseri kwa nyumba ino, mpaka magalasi a aphunzitsi awa anasweka. Ndikunama, a Lorna?"

Sankanama. Ndinavomera ndi mutu, ngakhale Stavros ankandiyang'ana mondichonderera.

"Tsiku lamvula lija, mutatsala pang'ono kugonja, ndani anamenya mpira ali kumzere wa m'mbali, mphepo ikuomba chomutsutsa, n'kuudutsitsa pakati pa mitengo ya golo? Anamenya ndi mwendo uti?"

"Mwina unali mwayi," anatero Quilty, akutola bisiketi ina.

Glenys anaimirira. Ndodo ya amayi anga inagwa payokha, iye osaiyang'ana n'komwe. Anatola pilo wa pampando, namugwira ndi manja awiri monga agwirira mpira, nabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kumumenya ndi mwendo wamanzere. Mwendowo unakwera mpaka pamene umafika Lachisanu ku holo. Pilo anadutsa pakati penipeni pa khomo la kukhitchini n'kukagwetsa chivundikiro cha poto.

"Mwayi umenewo?" anafunsa. "Ndipo za m'mwamba musandiyambe. Ndani anakwera pamapewa pa chimphona chija n'kuwakha mpira, chithunzi chake n'kutuluka m'nyuzipepala zonse? Nambala 27 mumasankhira kamwana kosayamba kumeta ndevu, kosewera kawiri n'kupita kukagulitsa magalimoto. Wangayu ndi munthu wopsa kale. Mukalandira nambala yoposa 8, ndiye kuti mwaberedwa masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndidzaimba ndekha pawailesi kuwauza anthu kuti simudziwa ntchito."

Duchess, atamva mawu a mbuye wake akukwera, analumpha mpanda wanga, nalowa m'nyumba ngati mphepo, n'kukagona pa bulangete lija.

Quilty anapukuta pakamwa, naimirira, navala chipewa.

"Ndakumvani, mayi. Ndikawauza anzanga kuti banja lakana 27. Ndasangalalanso kuti mwachira."

Stavros anali atagwira mutu ndi manja onse awiri, mafoni ake akulira pamiyendo. Sindingatsimikize kuti Quilty anatchera msampha dala, ndipo sindifuna kunamizira munthu. Ndingonena kuti potuluka anamusisita galu kumutu n'kumufunsa Glenys kuti amavina kuti.

Zokambirana zinkatsekedwa Lachitatu. Tinamvera pawailesi m'khitchini mwa Glenys. A kuno anakweza kufika pa 19. A ku Melbourne, amene tsopano ankadziwa kuti wodwala wawo amamenya pilo mpaka kukhitchini, anakakamira pa 8. Nthawi inatha, ndipo dzina la Heath silinatchulidwe pakati pa osinthidwa.

Lamlungu foni sinalire. Lamlungu linalo, chimodzimodzi. Glenys anayamba kuusa moyo kwenikweni tsopano, popanda womumvera, ndipo ndinaona kuti kuusa moyo kwenikweni sikumveka patali ngati kwa pafoni kuja. Lachisanu sanapite kovina. Anakhala m'chipinda cha Heath, makina osokera ali chete, galu atamutsamiritsa mutu pamwendo.

Amene anatopa nazo ndi Mervyn. Anaimika galimoto pakhomo m'mawa wina, nati, "Kwera, Glen. Galunso akwere. Ndayendetsa basi moyo wanga wonse, Melbourne si kumwamba."

Zotsatirazi sindinazione, ndazimva kwa awiriwo, aliyense payekha, ndipo zagwirizana. Heath atatsekula chitseko anapeza mayi ake, bambo wadazi, ndi galu wamtali ngati mwana wang'ombe. Glenys sanadikire kuti amulonjere.

"Awa ndi a Mervyn. Sakonza mipope, ndimavina nawo. Uyu ndi Duchess, amagona pabedi lako."

Heath anawayang'ana onse atatu mmodzimmodzi.

"Ndiye nyumba ija sinakukulireni?"

"Yachepa."

"Amayi, ine Lamlungu lililonse ndikatsitsa foni chakudya sichinkalowa. Ndinkati mukutha ndi kusungulumwa. Ndakangana ndi Priya chifukwa cha zimenezi. Iye ntchito yake ili kuno, sangasamuke."

"Priya ndi ndani?"

"Nanunso mwangondionetsa kumene a Mervyn."

Glenys anamuyandikira mwana wake. Kenaka anati, "Kukusowa ndimakusowadi, mwanawe. Koma osati tsiku lonse."

Heath sanaseke msanga. Anawalowetsa, naika madzi pamoto, nawafulatira, chifukwa mwana amene wanyamula katundu wabodza zaka zonsezo samutula ndi mawu amodzi. Pothira tiyi m'pamene anafunsa, osatembenuka, "Stavros akuti munamenya pilo. Ndi mwendo uti?"

"Wamanzere."

"Unalowa?"

"Pakati penipeni," anayankha Mervyn, ngakhale iye panalibe.

Heath anasaina mgwirizano watsopano ku Melbourne komweko. Priya anabwera pa Khirisimasi, ndipo iye ndi Heath anagona pabalaza onse awiri chifukwa Duchess anakana kusuntha. Glenys sadzamuona mwana wake atavala malaya a timu ya kuno, ndipo nthawi zina, tikamadutsa pafupi ndi bwalo, amachepetsa liwiro n'kuyang'ana malo ake aja a pafupi ndi mpanda. Koma mukamufunsa, amati a kuno ndi aumbombo, ndipo ngakhale 8 inali yowachitira chifundo.

Ndili ndi mwana wamkazi, Bronwyn, namwino ku Darwin. Nayenso amaimba Lamlungu. Polemba nkhaniyi ndinayesa kutchula mokweza mawu aja akuti "usadandaule za ine", kuti ndione ngati ndawalemba bwino, ndipo anatuluka mosavuta kwambiri, kuusa moyo kwake kuli pamalo pake. Choncho ndatsimikiza mtima. Lamlungu likubwerali ndimuuza Bronwyn kuti ndili bwino, n'kulekera pomwepo. Akafunsa zimene ndachita sabata ino, ndimuuza kuti Lachisanu ndinapita kovina. Ndipo popeza sindifuna kuti likhale bodza, Glenys wandibwereka nsapato.