Chaka Chimene Amayi Anapita Kukaphunzira Uzamba

Ndikukumbukira chaka chimene atate anayamba kundiluka tsitsi. Tinkakhala ku Kanyama, nthawi ija yoima pa mzere wa ufa, wa sopo, wa mafuta ophikira, osadziwa ngati ufika kutsogolo zinthu zisanathe. Atate anali atachotsedwa ntchito kufakitale. Amayi anali namwino pa kiliniki ya m'komboni, ndipo anzawo ankachoka mmodzimmodzi kupita ku Botswana.

Amayi Botswana sanamufune. Chimene chinkawadya mumtima chinali azimayi obwera ndi mimba zovuta, amene ankangowatumiza kuchipatala chachikulu, ambulansi ilibe mafuta. Ena sankafika. Atapeza malo okaphunzira uzamba ku Ndola kwa chaka chathunthu, analongedza sutikesi n'kupita. Ine anangondiuza kuti ndizimvera atate.

Kuyambira pamenepo sindinakhazikikenso. M'kalasi maso anali pawindo. Minibasi ikaima pamsewu ndinkathamanga kukaona otsika. Lamlungu atate ankandipanikiza pakati pa mawondo awo, lilime atatulutsa, n'kumakoka tsitsi langa ngati akumanga thumba la makala. Mzere unkayambira pamphumi bwinobwino n'kukasochera kukhutu.

Tsiku lina pampopi, mtsikana wina dzina lake Mwansa anandiloza anthu onse akuona. "Ona mutu wako! Bamayi bako banathawa na dokota, sibazabwela."

Ndinamuthira madzi a m'chigubu changa, koma mawuwo anandilowa. Nditafunsa atate, anati, "Bali ku sukulu." Sindinakhulupirire. Munthu wamkulu, wovala kale yunifolomu yoyera, sukulu ya chiyaninso?

M'mawa mwake sindinapite kusukulu. Inali nyengo ya mvula, Kanyama yense ali thamanda, madzi akununkha zimbudzi zosefukira. Ndinavula nsapato, n'kumadumpha pamiyala mpaka ndinatulukira m'tauni, pasiteshoni ya mabasi. Ndinamva wina akukuwa kuti Ndola, ndipo ndinadzipanikiza pakati pa azimayi a katundu ngati mwana wawo, n'kukhala pathumba la kapenta kumbuyo. Basi sinanyamuke, inkadikira dizilo. Dzuwa linatembenuka, mkati mukutentha, fungo la kapenta lili m'mphuno, njala ikundipotokola.

Atate anandipeza momwemo. Mayi wina wa kwathu wogulitsa vitumbuwa pasiteshoni anali atandiona n'kutumiza uthenga. Atate analowa m'basimo matope ali mpaka m'mawondo, ndipo ndinatseka maso kudikira khofi. Sanandimenye. Anakhala pansi pambali panga, akupumira m'mwamba.

"Naine nabayewa bamayi bako," anatero motsitsa mawu, kutanthauza kuti nawonso anawasowa. "Koma tikafika kuja, bakakuona so, bazasiya sukulu. Ufuna basiye?"

Anandifotokozera za azimayi aja osafika kuchipatala, ndi zimene amayi anapita kukaphunzira: kudziwa mwana wogona mopingasa m'mimba, kuletsa magazi, kutsitsimutsa khanda losalira. Aka kanali koyamba munthu kundiuza. Ndinalira mpaka kondakitala anabwera kudzafunsa ngati kuli maliro. Kenako ndinatsika ndekha.

Amayi anabwera chaka chitatha, ataonda ndi nyemba zofumbwa za kusukulu. Moyo sunapepuke. Magolovesi ankachapa n'kuyanika kuti awavalenso, ndipo panyumba ankakhala mwa apo ndi apo. Koma azimayi obereka makanda kumbuyo anayamba kundiimitsa panjira, ati ndikapereke moni kwa "basista."

Lero anamwino ali ndi njira zambiri: ena a kufiyeta kochitira opaleshoni, ena a odwala mwakayakaya, ena a ana obadwa masiku asanakwane, ndipo maphunziro ena amachitira pa foni ali kunyumba. Mwana wanga wamkazi, nayenso namwino, anabwera posachedwa kudzandifunsa ngati apite kukaphunzira za makanda obadwa masiku asanakwanewo, poti ali ndi mwana wamng'ono. Sindinachedwe kuyankha.

"Pita. Koma usananyamuke, mwanayo umukhazike pansi, umuuze kumene ukupita ndi chifukwa chake. Asakamve kwa anthu."