Ahedi Panjinga ya Tiyanjane

Mayi ena oyandikana nafe kuno ku Bangwe sayenda opanda tepi yoyezera. Amayeza makomo a matchalitchi, masitolo, ngakhale zimbudzi. Mawu awo ndi amodzi: "Lamulo likuti aliyense alowe."

Sukulu ina itabweza Tiyanjane, mtsikana woyendera njinga ya aulumali, chifukwa cha masitepe, mayiwa anawakakamira ahedi mpaka anamangitsa pokwerera njinga. Koma panatuluka potsetsereka ngati phiri.

"Ahedi, takhalani panjingapa, mukwere nokha tione," anatero mayiwo, akuloza njinga ya Tiyanjane.

Ahedi anakhala, napalasa kawiri. Njinga inabwerera chambuyo mpaka m'maluwa, miyendo m'mwamba. Ana anafa nako kuseka.

"Mwafika m'kalasi, bwana?" anafunsa mayiwo.

Mawa lake amisiri anagumula n'kuyambiranso. Sabata yotsatira Tiyanjane analowa yekha, mayiwo akuimba nthungululu ngati paukwati.