Malonje a Amama Atabwerako ku Sitima

Pali chinthu chimodzi chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga. Tsiku limene amama anabwerako ku ulendo wawo wa pa sitima, ine sindinasangalale. Ndinathamanga nawo kukachingamira galimoto, ndinaseka, ndinalandira chikwama, koma mumtima munali zii. Atandikumbatira ndinamva fungo la sopo wachilendo, lonunkhira ngati maswiti, ndipo pansi pake panali kafungo ka khanda la eni. Fungo la utsi ndi thukuta limene ndinkawadziwira linali litatha. Ndinangouma thupi mpaka anandisiya.

Nthawi imeneyo ndinali mu Sitandade 4, ndipo tinkakhala ku Nchenachena, m'nyumba ya aphunzitsi kuseri kwa tchalitchi. Adada ankaphunzitsa pa pulayimale ya mishoni. Amama kwawo ndi ku Ntcheu, n'chifukwa chake m'nyumba mwathu munkamveka Chichewa pamene panja ponse panali Chitumbuka. Azimayi apamudzi ankawaitana kuti NyaPhiri. Ntchito yawo inali ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, komwe ankalera khanda la banja lina la azungu loyang'anira malo ogona alendo. Ankatsika kunyumba kumapeto kwa mwezi, mng'ono wanga Lusungu ali kumsana, chifukwa iye anali akuyamwabe ndipo ankakhala nawo komweko.

Chaka chimenecho azunguwo anakonza zokapuma pa sitima yaikulu yoyenda pa nyanja ya Mediteraniyani, ndipo anafuna kuti wolera mwana apite nawo. Anawakonzera pasipoti, nsapato zatsopano ndi juzi. Za Lusungu sanakonze chilichonse. Amama anatsika naye Loweruka lina, n'kupaka tsabola pa mabere. Mwana analawa kamodzi, nalira mpaka mawu kutha. Lolemba m'mawa galimoto inabwera kudzawatenga. Ankhazi, mlongo wawo wa adada, anachokera ku Henga kudzatisamalira, koma anali ndi nyamakazi m'chiuno, komanso Lusungu ankawakana. Choncho mwana anagwera ine.

Inali nyengo yozizira, ndipo amene anakhalako ku mapiri amenewo akudziwa chimene ndikunena. Nkhungu inkatsika ku Nyika n'kukhala pakhomo mpaka dzuwa litakwera, malata akudontha ngati kwagwa mvula. Madzi a mumtsuko ankaluma mano. Miyendo yathu inkachita mbuu, zidendene n'kung'ambika. Khofi anali atapsa m'minda ya m'mbali mwa phiri, ndipo mudzi wonse unkanunkha makoko ake owola, fungo lowawasa lolowa ndi m'zovala momwe. Ine ndinkadzuka ndi Lusungu, kugona ndi Lusungu. Ndikamuphikira phala ankalilavula, ndiye ndinkamutafunira mbatata n'kumamupatsa ndi chala. Akafuna bere ankafufuza pachifuwa panga popanda kanthu, akalephera n'kundiluma. Mfundo ya chitenje inandinyula pansi pa khosi mpaka panada, ndipo msana unkandiwawa ngati wa nkhalamba. Kusukulu ndinkapita masiku ena, ndipo ndikapita ndinkangowodzera pa desiki.

Ulendo utatha azunguwo anatsalira kwawo kuti akaone abale, n'kuwatumiza amama patsogolo. Atafika, atatha kundikumbatira kuja, anagwada pakhonde natambasula manja. Lusungu anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuka n'kubisa nkhope m'khosi mwanga. "Mama," anatero, akukoka diresi langa. Anthu onse anaseka. Amama nawo anaseka, n'kudzuka, n'kusasa fumbi m'maondo. Ndisaname, ine ndinanyada.

Kwathu munthu akabwera kutali samangonena kuti ndayenda bwino. Amayala mphasa, ndipo aliyense wobwera kudzamuona amapatsidwa malonje onse, kuyambira pakhomo pamene anatulukira mpaka pakhomo pamene walowera. Otsala nawonso amanena mmene anatsalira. Ndiye anthu anabwera: azimayi a kutchalitchi, aphunzitsi, abale a adada ochokera ku Henga, ndi ena amene sitinkawadziwa n'komwe. Ketulo sinkachoka pamoto. Ine ndinkatsuka makapu kuseri kwa chitseko, mwana ali kumbuyo, n'kumamva nkhani yomweyomweyo mpaka ndinailoweza pamtima. Ndege kuchokera ku Lilongwe, ndege inanso, kenako doko. Sitima yaitali kuposa kuchoka kutchalitchi kukafika kuchipatala, ya nyumba zosanjikizana, yokhala ndi chikepe m'kati ndi dziwe losambiramo pamwamba penipeni. Chakudya choyalidwa pa matebulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, aliyense kumangotapa, chotsala n'kutaya. Kugona kuli ku Italiya, kudzuka kuli ku Girisi. Mizinda ya nyumba zoyera zomatirira m'mapiri, ndi madzi a mtundu wa buluu wochapira zovala. Mlendo aliyense ankachoka ndi kasopo kamodzi ka m'sitima, atakamanga pa nsonga ya chitenje.

"Koma mulamu," anatero ankhazi tsiku lina alendo ali pomwepo, "chakudya chonsecho inu n'kubwerako makosi okhaokha? Kapena azungu ankakupatsani kuti muzingonunkhiza?"

Amama anayankha kuti kumeneko kunalibe nyemba zophika ankhazi, anthu n'kufa nacho chiseko.

Mkulu wina wa mpingo, a Msiska, anayenda wapansi kuchokera kuseri kwa phiri atavala jekete. Anamvetsera zonse ali duu, tiyi akuzizira m'manja, kenako anafunsa ngati sitimayo inadutsa pa chilumba chija chimene mtumwi anapulumukirapo chombo chitasweka. Amama anati inde, inaima pamenepo tsiku lathunthu. Mkuluyo anavula chipewa. "Maso anu ndi odala chomene, NyaPhiri," anatero, ndipo Lasabata lotsatira anawaimiritsa m'tchalitchi kuti mpingo wonse uwaone.

Koma alendo akachoka, amama ankatsala pamphasa pomwepo, makapu ali mbwee, akungoyang'ana khoma. Poyenda m'nyumba ankagwira zitseko ngati pansi pakupendekeka. Ankagona masana, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita. Nsapato zatsopano zija anaziponya pansi pa bedi, n'kumayenda ndi mapazi pa simenti yozizira. Ine ndinkaganiza kuti nyumba yathu yawachepera, kuti akuyerekeza khoma lathu lakuda ndi utsi ndi mizinda yoyera ija. Ndinkawayang'ana chapambali ngati mlendo amene sananene tsiku lonyamuka.

Khofi ali pafupi kutha, galimoto ya ku Chelinda inabweranso, muli dona, mayi wa khanda lija. Sanakhalitse. Atapita ndinamva adada, amama ndi ankhazi akukambirana pakhonde. Azunguwo ntchito yawo ku Nyika inali itatha, ankabwerera kwawo kosabweranso, ndipo khanda lawo silinkalola munthu wina koma amama. Ulendo uno ankawafuna kwa zaka, osati masabata. Ankhazi anati mwayi wotere subwera pakhomo pa aliyense. Adada analankhula motsitsa, mwa uphunzitsi wawo. "Wezi adzafunika kupita ku sekondale. Malipiro a choko mukuwadziwa." Wezi ndine. Amama anangodzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo ine ndinkaona ngati akubisa chimwemwe.

Lusungu anali atayamba kuwazolowera, kumalandira nthochi m'manja mwawo, kumawagwira mphuno. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwapatsa mwanayo. Akamuyandikira ndinkamunyamula n'kupita naye kuchitsime kapena kwa anzanga. Ndinkati kuli bwino asawazolowere, kusiyana ndi kudzalira kachiwiri, popeza wodzamutonthoza ndinali ine ndemwe.

M'mawa wina amama anati ndikawathandize kuthyola khofi wotsala m'kamunda ka adada kutsidya kwa mtsinje. Mame anali asanaume, ndipo masamba ankatinyowetsa manja mpaka m'zigongono. Tinathyola, zala zikumata, nyerere zikukwera m'miyendo. Dengu lisanafike ndi pakati pomwe, amama anakhala pansi pa mzere, natambasula miyendo.

"Wezi, khala pansi. Aliyense wandipatsa malonje. Iwe wekha ayi."

Ndinkaona ngati akundiseka. Mwana safunsidwa malonje. Akuluakulu amamunenera, amati ana ali bwino, chimfine chokha. Koma amama anali atapinda manja monga ankachitira pamaso pa a Msiska. Ndinagwada, mwana ali kumsana, n'kuyamba ndi mawu amene ndinkawamva kuseri kwa chitseko. "Ife kuno tinatsala bwino." Amama anawomba m'manja pang'onopang'ono, n'kudikira. Sanandithandize. Anangodikira, mpaka zonse zinayamba kutuluka zokha: za phala lolavulidwa, za kulumidwa, za tsiku limene Lusungu anatsegula m'mimba adada ali ku msonkhano wa aphunzitsi, za mayeso a masamu amene ndinalephera chifukwa ndinagona pepala lili patsogolo. Ndinawaonetsa pamene mfundo inandinyula. Anapagwira ndi chala chomata khofi.

"Tsopano imva anga," anatero.

Anayambira pakhomo monga mwa masiku onse, koma atafika pa doko nkhani inalowera kwina. Chipinda chawo chinali pansi, m'mimba mwa sitima, chopanda zenera, moti sankadziwa ngati kunja kwacha kapena ayi. Injini inkalira mpaka m'mano. Masiku oyamba ankasanza chilichonse, kwinaku akusintha matewera. Sitima ikaima pa doko azungu ankatsika kukaona mizinda, iwo n'kutsala ndi khanda, poti kunja kunkatentha kwambiri. Ankalibereka n'kumayenda nalo m'kanjira ka pakati pa zipinda, kupita ndi kubwera, zitseko zofanana mbali zonse. Kodyera ankalowako anthu atatha, n'kudya chiimire. Mabere anatupa n'kuuma ngati miyala. Ankalowa m'bafa kukafinyira mkaka m'sinki, kutsegula mpopi kuti upite, kenako n'kutuluka kukasungunula mkaka wa m'chitini wa mwana wa eni. Mizinda yoyera ija anaionadi, koma chapatali, pamene ankakwera ndi khandalo pamwamba kuti lipitidwe mphepo.

"Nanga chilumba cha mtumwi?" ndinafunsa.

"Tsiku limenelo mwana anatentha thupi. Ndinangomva kuti injini yasiya kulira."

"Ndiye a Msiska aja?"

Anaseka pang'ono, kuseka kotopa. "Munthu wakwera phiri, wavala jekete lake la Lasabata. Ndimuuze za masanzi?"

Lusungu anali atayamba kuvuta. Ndinamasula chitenje, iye n'kukwawa pakati pa mitengo, n'kukakwera pa miyendo ya amama. Sindinamuletse. Tinakhala choncho mpaka dzuwa linaumitsa mame, dengu lili pomwepo. Pobwerera kunyumba mtima wanga unali m'malo kwa nthawi yoyamba nyengo yonseyo. Ndinkati munthu sangabwerere kumene anasanza ndi kutaya mkaka wa mwana wake. Ndinayambanso kupita kusukulu tsiku lililonse, n'kumawasiyira Lusungu popanda mantha, ndipo iye anasiya kunditchula ine kuti mama.

Amama anapita pamene mapiri anayamba kupsa. Utsi unali utaphimba Nyika, phulusa la udzu likugwera pa zovala zoyanika. Galimoto inaima pamalo pomwe paja. Ulendo uno Lusungu anadziwa. Anakakamira bulauzi ya amama moti adada anachita kumutsegula zala chimodzichimodzi. Amama anamuika okha kumsana kwanga, n'kumanga chitenje. Sanati Wezi. Anati, "Yewo, NyaGondwe," kundithokoza m'Chitumbuka ndi kunditchula chiwongo cha adada, monga amaitanirana azimayi akuluakulu. Ndinatembenuka galimoto isanalize injini, n'kupita kukaika madzi a phala pamoto.

Kwa zaka zambiri ndinkati amama anandinamiza m'munda wa khofi muja. Tsopano ndikakumbukira bwinobwino, sindipeza pamene analonjeza chilichonse. Ankadziwa kale kuti apita. Mudzi wonse unkaganiza kuti akupita kukadyerera, ndipo ndikuona kuti anangofuna kuti pakhomo patsale munthu mmodzi wodziwa kumene akupita. Anasankha ine chifukwa ndi ine ndinkasenza mbali inayo. Ngati kunali kundilemekeza kapena kundilemetsa, mpaka lero sindidziwa.

Ulendo wachiwiriwo ndi umene unandiphunzitsa mpaka ndinapeza setifiketi ya ntchito za m'mahotela. Mwezi watha mnzanga wa kukoleji anandiimbira foni kuti sitima zomwezija zikufuna anthu okonza zipinda, ndipo pepala langa likukwanira. Anandipeza ndikuyamwitsa. Mwana wanga sanayambe kuyenda. Ndinati ayi mnzangayo asanamalize n'komwe kulankhula. Bambo a mwanayu ntchito yawo ndi ya apa ndi apo, nyumba ya lendi pa boma la Rumphi pano imadontha, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sukukhazikika. Sindikudziwa ngati ndinakanira mwanayu kapena ndinakanira mtsikana uja wa Sitandade 4. Amama anapita, ine n'kuphunzira. Ine ndatsala, ndipo sindikuona chimene uyu adzaphunzirire. Inu amene mwawerenga mpaka pano, tandiuzani, kodi ndachita bwino?