Njerwa Yolendewera pa Bedi la Amayi

Njerwa imene ndimaikumbuka kwambiri sinamange nyumba ya munthu. Inkalendewera pa chingwe kumiyendo kwa bedi la amayi, m'wodi ya azimayi ya chipatala chakale. Inali yootcha, yobenthuka ngodya imodzi, yokulungidwa ndi bandeji imene kale inali yoyera. Chingwecho chinkadutsa pa kachitsulo kozungulira n'kukagwira mwendo wa amayi kuti fupa lothyokalo likhale lowongoka. Tsiku loyamba lomwelo anamwino anandiuza kuti njerwayo isakhudze pansi. Amayi akatsetsereka pa matiresi, njerwa inkatsika, ndiye ine ndinkawagwira m'khwapa n'kuwakokera kumtunda, iwo ataluma chitenje. Ndinali mu Sitandade 6.

Amayi anagwa pa ngolo mu Okutobala akupititsa manyowa kumunda, ng'ombe zitadzidzimuka ndi njinga yamoto pa msewu wafumbi wopita ku Msundwe. Anathyoka ntchafu. Bambo anali atatisiya kale, choncho nkhani za pakhomo pathu ankadula ndi amalume. Kuchipatala wodwala sagonekedwa yekha. Pamafunika gadiyani woti amuphikire, amusambitse, akataye za m'beseni. Ana tinalipo awiri, ine ndi mkulu wanga, ndipo amalume anatiyang'ana ngati akusankha nkhuku yophera alendo.

"Uyu wangolowa kumene Sitandade 8, asasokonezeke," anatero akuloza mkulu wanga. Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe mutu uli nawo, anzako udzawapeza. Ndi masabata ochepa chabe."

Ndiye kuti ndinalangidwa chifukwa chokhoza. Mkulu wanga anali atabwerezapo kalasi, pamene ine dzina langa linkatchulidwa koyambirira potsekera sukulu. Mpaka lero achibale amati amalume anaganiza bwino. Akadaganiza bwino choncho ndi ana awo.

Teremu imeneyo ndinali ndi chinthu changa. Kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi chipatala chakalecho, ankamanga chipatala chachikulu chatsopano cha dera lonse, ndipo kunamveka kuti akuluakulu abwera kudzaona m'mene ntchito ikuyendera. Sukulu yathu inapemphedwa kutumiza mwana mmodzi wodzalakatula ndakatulo. Aphunzitsi athu a Chichewa anailemba okha n'kusankha ine. Ndinkaiyeseza potunga madzi, posinja, ngakhale posamba, mpaka mkulu wanga ankatseka makutu n'kumati ndine wailesi yopanda pozimitsira. Amayi anandisoketsera yunifolomu yatsopano kwa atelala pa Namitete. Ndinaivala kamodzi kokha, poyesa. Ponyamuka kupita kuchipatala ndinaipinda bwinobwino n'kuiika pansi penipeni m'sutikesi ya amayi yotsala kunyumba.

Chipatala chakale chinali chitatopa. Makoma anali ndi ming'alu yolowa chala, kudenga kunkanunkha mileme, ndipo dzuwa la Okutobala likamenya malata, m'wodi munkamveka fungo la mabala, mankhwala okolopera ndi nthochi zakupsa kwambiri. Ntchentche zinkadziwa bedi lililonse. Ine ndinkayala chitenje pansi pa bedi la amayi, njerwa ija ili chapamwamba pa mapazi anga. Tinkaphika kuseri, m'chisakasa cha malata obooka chopanda zenera, chimene utsi wake unkakhala m'maso tsiku lonse. Azimayi ankakanganirana mafuwa. Ukangopita kukatunga madzi, pobwera upeza poto wako ali pambali, pamoto pako patakhala wa wina.

Iwo ankanditcha kagadiyani. "Kagadiyani, amuna ako ali wodi iti?" ankatero, onse n'kuseka mpaka kutsokomola ndi utsi. Sindinkaseka nawo. Ndinkadziuza kuti ine si mnzawo, ndine wa sukulu, ndangodutsa.

Popita ku mjigo ndinkadutsa m'mbali mwa mpanda wa malata umene unazungulira chipatala chatsopanocho. Panali pena pamene lata linang'ambika, ndipo ndinkatula ndowa n'kusuzumira. Mkatimo munali dziko lina. Makina osakaniza simenti ankalira ngati chigayo, mabuloko otuwa ataunjikidwa kuposa nyumba yathu, amuna a zipewa zachikasu akuyenda pa matabwa m'mwamba. Mmodzi wa iwo anali amalume, amene anapeza ganyu yokankha wilibala amayi atangogonekedwa. Masana ankawoloka msewu kudzadya zimene ndaphika, simenti ili m'nsidze, n'kumasimba kuti m'menemo mudzakhala matailosi mpaka kuchimbudzi, ndipo anamwino adzachuluka ngati nyerere. Ngozi ya amayi inapatsa amalume ntchito pafupi ndi chakudya chamasana. Izi sindinaziganize nthawi imeneyo. Ndimaziganiza tsopano, kawirikawiri.

Mkulu wanga ankabwera Loweruka, atadzola mafuta, kope lili m'manja ngati kuti angaiwale kuwerenga akalisiya. Ankakhala m'mphepete mwa bedi akupumira kukamwa chifukwa cha fungo. Amayi ankawala nkhope. "Uyu ndi wanga wa Sitandade 8," ankawauza odwala anzawo. Wina akafunsa za ine, ankati, "Uyu ndiye manja anga." Odwalawo ankagwedeza mitu kuyamikira. Ine ndinkamva kuti wina ndi mwana, wina ndi chiwalo.

Za tsiku la alendo palibe anandiuza. Ndinangoona tenti yoyera itadzuka kuseri kwa mpanda, chimkuzamawu chikuyesedwa. Ndinali wotsimikiza kuti aphunzitsi atumiza munthu kudzanditenga, chifukwa ndakatulo inali m'mutu mwanga, ndipo mutu wangawo unali pompo, kungowoloka msewu. Ndinakwecha zidendene ndi mwala. Ndinapempha mayi wa pa bedi loyandikana kuti aziyang'anira njerwa. Kenako ndinatenga ndowa yopanda madzi n'kukaima pa lata long'ambika lija.

Lole ya ana a sukulu yathu inafika, ndipo pakati pa otsikawo panali mkulu wanga. Yunifolomu ndinaidziwa ndisanaone nkhope yake. Inali yanga. Inkamuthina m'khwapa, mabatani akuchita kukoka, siketi italekezera pamwamba pa mawondo. Atatchula dzina la sukulu yathu, iye anapita kutsogolo, anapinda mawondo pang'ono, n'kuyamba ndi mawu omwe aja ankatsekera makutu. Ankalakatula mothamanga ngati akuthawa galu. Ndime yapakati, yonena za azimayi ochirira panjira asanafike kuchipatala, anaidumpha yonse. Palibe anadziwa. Anthu anaomba m'manja, nthungululu zinalira, mayi wina wonenepa wovala magalasi anamukumbatira, ojambula n'kuwajambula.

Ine ndime yodumphidwayo ndinainena ndekha kuseri kwa lata, mlomo utatsala pang'ono kukhudza dzimbiri. Anaimva ndi alonda okha. "Iwe wa ndowa, choka pamenepo, alendo angakuone," anatero.

Mwambo utatha mkulu wanga anabwera kuwodi ndi botolo la chakumwa chozizira chimene anapatsidwa, aphunzitsi ali pambuyo pake. Amayi analira. Anamuuza kuti abwereze ndakatuloyo kuti wodi yonse imve, ndipo anabwereza, ine nditagwada pansi ndikufinya kansalu kowapukutira.

"Wadumpha ndime," ndinatero atamaliza.

"Nsanje imeneyo, mwana iwe," anatero amayi. "Kataye madziwo."

Inalidi nsanje, ndipo sindikupepesa. Potuluka ndi beseni, aphunzitsi anandigwira pamutu. Anati sakanachitira mwina, ndakatulo inkafuna munthu woyeseza tsiku ndi tsiku pasukulu. Kenako anati, "Malo ako akukudikira." M'kalasi mwathu tinkakhala pansi, mothithikana mpaka pakhomo. Munthu akajomba, malo ake ankatsekeka m'mawa womwewo.

Mvula yoyamba inabwera ndi mphepo, ndipo denga la wodi linayamba kudontha. Tinkakankha mabedi uku ndi uku kuthawa madontho, koma la amayi silinkasunthika chifukwa cha chingwe chija, choncho ndinkawafunditsa pepala la pulasitiki kumiyendo. Masabata ochepa aja anali atatha kalekale. Anzanga ankalemba mayeso a teremu, ine ndikukangana ndi nkhuni zonyowa. Ndiye amayi anawajambulanso mwendo, ndipo adokotala anayang'ana chithunzicho pa zenera nthawi yaitali. Anati fupa silinalumikizane bwino. Pankafunika opaleshoni yoika chitsulo, koma chipinda chawo cha opaleshoni chinali chakale, chopanda zipangizo zake, ndipo ku tauni mzere wa odikira unali wautali. Anati amayi apite kunyumba, asamaponde mwendowo.

Amalume sanadandaule. Analoza kutsidya kwa msewu ndi chipewa chawo. "Mlongo wanga, dikira chatsopanochi. Denga tikhoma posachedwa." Ine anandiuza ndili m'chisakasa muja ndikutsuka mapoto. Anati kunyumba amayi adzafunabe munthu wowanyamula, wolima, wotunga madzi. "Chikangotha ichi, amayi ako awaika chitsulo, ayenda, iwe ubwerera kusukulu."

Ndinawakhulupirira. Kuyambira tsiku limenelo chipatala chija chinasanduka changa. Simenti ikachedwa kubwera ndinkakwiya kuposa kapitawo. Ndikaona amuna a zipewa atabisala mvula pansi pa mtengo ndinkafuna kuwagenda. Buloko lililonse lokwera pa khoma linali phazi langa lopita kusukulu.

Ndinene zimene zinachitika, chifukwa sindikonda nkhani zozungulira. Denga analikhomadi, kenako ntchito inaima, udzu n'kumera m'makhonde. Inayambanso, inaimanso. Pamene chipatalacho chinkatsegulidwa ndinali nditakula kale, ndipo ana a Sitandade 6 ankandilekeza m'mapewa n'kumanditchula kuti aunt awo a uje. Amayi anawaikadi chitsulo, ndipo lero amayenda ndi ndodo. Mkulu wanga anakhoza movutikira, anapita kusekondale, pano amagwira ntchito mu ofesi ku tauni. Musandiuze kuti iye sanalakwe, ndikudziwa. Ndi munthu wabwino. Amanditumizira madiresi ake akatopa nawo. Iye anavala changa tsiku limodzi, ine ndakhala ndikuvala zake zaka zonsezi.

Koma tsiku lotuluka m'chipatala chakale lija zonsezi zinali zisanafike. Anamwino anamasula chingwe, njerwa ija inagwa pansi n'kulira ngati chinthu wamba. Wokolopa anaikankha ndi phazi kukatchingira chitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo. Ngolo yodzatenga amayi inachedwa, ndiye amalume anati ndibwere andionetse kumene amagwira ntchito. Anandiveka chipewa chawo chachikasu, chinandifika m'maso. Alonda omwe aja anatitsegulira geti.

Tinayenda m'makhonde aatali onunkha simenti yonyowa, mawu athu akubwerera kuchokera m'zipinda zopanda zitseko. Amalume ankatchula chipinda chilichonse ngati nyumba yawo. Umu mwa ana, umu mwa azimayi oyembekezera, umu ndi m'mene adzakonzere mwendo wa amayi ako. Ndinagwira khoma la chipinda chimenecho ndi manja onse awiri. Ndinkaganiza kuti malo osalala chotere sangafune kagadiyani. Muno wodwala adzasambitsidwa ndi anamwino, ana n'kumapita kusukulu.

Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi mpanda wakuseri, kunali nyumba yaitali yotseguka mbali imodzi, yokhayo imene inali itatha kale, malata ake akunyezimira. Pansi panali pa simenti. M'mbali mwa khoma munali mzere wa mbaula zomanga ndi njerwa, iliyonse ndi kabowo kake kotulutsira utsi, ndipo pakhomo panali mpopi.

Ndinafunsa kuti iyi ndi nyumba yanji.

"Khitchini ya magadiyani," anatero amalume, akusisita mbaula imodzi. "Matope a izi ndakankha ndine. Yaikulu kuposa ija mumaphikamo, eti?"

Nsanje inandigwiranso, yoposa ya yunifolomu. Ndinaganiza za maso anga ofiira ndi utsi, za poto wanga woikidwa pambali, ndiye ndinakwiyira anthu osawadziwa amene adzaphike muno mosavutika. Ndinayenda mzere wonse ndikuyang'ana mbaula imodziimodzi, mpaka ndinapeza yabwino koposa, ya pangodya, yotetezeka ku mphepo, yapafupi ndi mpopi. Ndinanjuta pamenepo ndi chipewa chachikasu chija, n'kuyerekeza kuvundula poto, ndikudziuza kuti mwini wake wa malo ano adzakhala wamwayi.

Mutu unalipo, monga ananenera amalume. Unasunga ndakatulo yonse osadumpha ndime. Koma sunandikwanire kufunsa kuti ngati anamwino adzachuluka ngati nyerere, khitchini yaikulu chotere akumangira ndani. Ndinangodzuka, kusasa fumbi la simenti pa chitenje, n'kuiyang'ananso mbaula ija kuti ndisaiiwale.